Kalata yotseguka kwa oyang'anira zaumoyo: tibwezereni uphungu wa pagulu wa odwala nkhawa

Kwa olemekezeka akuluakulu oyang'anira ntchito zaumoyo, oyendetsa zipatala, ogawa ndalama za zipatala, ndi inu amene mumaphunzitsa anamwino ndi madokotala,

Landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ndikudziwa kuti mwasenza katundu wolemera: odwala ndi ochuluka, ogwira ntchito ndi ochepa, ndipo ndalama sizikwana. Sindikulemba kuti ndinyoze munthu. Chandilembetsa ndi chiganizo chimene chapangidwa pa chipatala chomwe ndimalandirako thandizo, choyimitsa gulu la uphungu la anthu odwala nkhawa. Namwino amene ankalitsogolera wasamutsidwira ku wodi ina, chipinda chimene tinkakumanamo aikamo katundu, ndipo ife tauzidwa kuti tiyambe tadikira. Tsiku lodzayambiranso silinatchulidwe. Ndalemba poyera chifukwa nkhaniyi si ya chipatala chimodzi, ndipo ambiri amene ikuwakhudza ndi anthu oti matenda awo omwewo sangawalole kuima pamaso panu n'kulankhula.

Dandaulo langa loyamba ndi lakuti nkhawa imene ndikunenayi siwerengedwa ngati matenda. Aliyense amada nkhawa mwana akadwala, mayeso akayandikira kapena ngongole ikakula, ndipo imeneyo imabwera n'kupita. Koma ilipo ina imene imakhazikika miyezi ndi miyezi ngakhale palibe chachitika. Thupi limagona, maganizo osagona. Ena imawagwira mwadzidzidzi: mtima kugunda mothamanga, kubanika, dzanzi m'manja, chizungulire, thukuta lili kamukamu, mumtima n'kutsimikiza kuti lero ndafa basi. Zimenezi zimafika pachimake m'mphindi zochepa n'kuyamba kutsika, koma mantha oti zibweranso ndi amene amatsala, ndipo ndiwo amam'manga munthu. Amasiya kukwera basi. Amasiya kupita kulikonse kumene kuli anthu ambiri. Kuntchito amayamba kupereka zifukwa, mpaka ntchito imatha.

Anthu otere si ochepa ayi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 anthu 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo 58 miliyoni mwa iwo anali ana ndi achinyamata. Pa matenda onse a maganizo, ofala kwambiri ndi amenewa, ndipo amagwira amayi ambiri kuposa abambo. M'chaka choyamba cha mliri wa COVID-19, matenda a nkhawa ndi ovutika maganizo anawonjezeka ndi 25 pa 100 aliwonse. Koma pa anthu anayi ofunika thandizo, ndi mmodzi yekha amene amalandirako kanthu. Atatu enawo ali kuti? Ambiri ali pa mzere womwewo wa kuchipatala chanu. Amayezedwa magazi, amayezedwa BP, mwina ndi mtima womwe, kenako amauzidwa kuti, “Sitinapeze chilichonse, mulibe vuto, musamaganize kwambiri.” Munthu amatuluka ali ndi manyazi ngati wanama. Mwezi wamawa wabweranso ndi chifuwa chomwecho, kuyezedwanso, kumvanso mawu omwewo. Ndalama zimene mukuti mulibe zothandizira odwala nkhawa mukuziwononga kale pa anthu omwewa, kungoti iwo sakuchira.

Lachiwiri likukhudza mapiritsi. Wachipatala amene watsala ndi anthu ambirimbiri pa benchi alibe nthawi yomvetsera, ndiye chapafupi n'kulemba mankhwala okhazika thupi pansi monga diazepam. Sindikumuweruza. Mankhwalawa amagwira msanga ndithu, ndipo usiku umenewo munthu amagona. Vuto ndi lakuti thupi limawazolowera, pakapita masabata angapo mlingo womwe uja sukwananso, ndipo ukawasiya mwadzidzidzi nkhawa imabwerera mwaukali kuposa poyamba. N'chifukwa chake malangizo a WHO otchedwa mhGAP, othandiza achipatala amene si akatswiri a maganizo kusamalira odwala maganizo, amene anakonzedwanso mu 2023 n'kuwonjezeramo gawo la nkhawa, salimbikitsa mankhwala a mtundu umenewu ngati chithandizo, kupatula kwa masiku ochepa chabe munthu akavutika kwambiri. Alipo mankhwala ena, monga fluoxetine ndi sertraline, amene amathandiza anthu ambiri ngakhale amatenga masabata kuti ayambe kugwira, ndipo ena mwa ife tikumwa amenewo. Koma malangizo omwewo amaika uphungu wotsata ndondomeko pakati pa zithandizo zofunika, ndipo amavomereza kuti ungaperekedwe pagulu. Mukatseka gulu, wachipatala mwam'siyira cholembera chokha.

Lachitatu ndi limene likundipweteka kwambiri. Mmene ndaonera, gulu lathu linali losavuta kuliyimitsa chifukwa kwa munthu wodutsa pakhomo limaoneka ngati macheza. Mulibe jakisoni, mulibe makina, muli anthu okhala pa mipando mozungulira akulankhula. Ndiloleni ndikulowetseni m'chipindamo, chifukwa ndikukayika ngati amene anasaina chiganizochi anakhalamo n'kamodzi komwe. Amene ndiwatchule m'munsimu ndawapempha chilolezo, ndipo zimene zingawaulule ndazichotsa.

Timakumana kamodzi pa sabata, nthawi yake yoikika, anthu omwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tsiku loyamba timagwirizana malamulo: zolankhulidwa muno zitsale muno, palibe kudula mnzako mawu, palibe wokakamizidwa kulankhula. Msonkhano uliwonse umayamba ndi kufunsana za ntchito imene aliyense anapita nayo kunyumba. Kenako wotsogolera amaphunzitsa chinthu chimodzi. Sabata ina ndi mmene thupi limachitira likamaganiza kuti pali ngozi, kuti mtima umathamanga pofuna kutumiza magazi ku minofu, ndiponso kuti kupuma mwawefuwefu n'kumene kumabweretsa dzanzi ndi chizungulire. Sabata ina ndi kupuma pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba, tonse pamodzi. Ina ndi kulemba ganizo limene lakuopsa, n'kulifunsa umboni wake. Njira imeneyi ndi imene akatswiri amaitcha CBT, yochokera ku ntchito ya madokotala ngati Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960, ndipo yayesedwa m'makafukufuku ambiri.

Mtima wa chithandizochi ndi kusiya kuthawa. Nkhawa imakula chifukwa chopewa: ukathawa chimene ukuopa umapeza mpumulo nthawi yomweyo, ndipo ubongo umaphunzira kuti wapulumuka chifukwa chothawa, choncho mawa mantha amakhala aakulu kuposa lero. Kuti zisinthe, munthu amalemba zimene amaopa kuyambira chaching'ono mpaka chachikulu, n'kumakumana nazo chimodzichimodzi, kukhala pomwepo mpaka thupi litaona lokha kuti palibe chachitika. Apa ndi pamene gulu limachita chinthu chimene mphungu mmodzi m'chipinda chotseka sangachite yekha. Munali mphunzitsi wina amene ankatha kuphunzitsa ana bwinobwino, koma pamsonkhano wa aphunzitsi anzake pakamwa pankauma, mawu osatuluka. Tsiku lake litafika, anaima kutsogolo kwathu kuti alankhule mphindi ziwiri zokha. Asanayambe, namwino anamufunsa chimene akuyembekezera. Iye anati, “Ndinjenjemera, nonse muona, ndipo mundiseka mumtima.” Analankhula, pepala likugwedera m'manja. Atamaliza, aliyense wa ife ananena chimene anaona. Ambiri sitinaone n'komwe kugwedera kwa pepalalo chifukwa tinali kumvetsera nkhani yake. Mmodzi anati analiona, koma chimene chinamubwerera m'maganizo n'chakuti iyenso akanakonda kulimba mtima choncho. Mphunzitsiyo anakhala pansi akulira, ndipo sabata yotsatira anapempha yekha kuti ayesenso kwa mphindi zisanu. Mphungu akanamuuza payekha kuti anthu saona, akanati akungomutonthoza. Anakhulupirira chifukwa anamva kwa anthu angapo amene analibe chifukwa chom'namizira.

Pali chinanso chovuta kuchilemba mu lipoti la chipatala. Wodwala nkhawa amakhala wotsimikiza kuti ndi iye yekha, ndiponso kuti akuyamba misala. Amabisira mkazi wake, amabisira abwana ake. Bambo wina woyendetsa galimoto anakhala misonkhano yoyambirira osatsegula pakamwa, maso ali pansi. Tsiku lina mtsikana wa pa koleji anafotokoza mmene amakhalira pafupi ndi chitseko kulikonse kumene wapita, kuti zikamugwira athawe msanga. Bamboyo anadzutsa mutu n'kunena kuti, “Inunso?” Kuyambira pamenepo anayamba kulankhula. Dokotala wa maganizo Irvin Yalom, amene anathera zaka zambiri akufufuza za magulu otere, anaika kuzindikira kuti suli wekha pakati pa zinthu zimene zimachiritsa m'gulu, pamodzi ndi kupeza chiyembekezo poona mnzako akupeza bwino ndiponso kukhala wothandiza ena. Chomalizachi musachipeputse. Munthu amene kwa zaka wakhala akudziona ngati mtolo kwa abale ake, tsiku limene walangiza mnzake n'kumuthandizadi amapita kunyumba ali wina.

Njirayi si yachilendo m'zachipatala. Mu 1905 dokotala Joseph Pratt wa ku Boston anayamba kusonkhanitsa odwala TB osauka kuti aziwaphunzitsa pamodzi, n'kuona kuti kulimbikitsana kwawo kunkawathandiza kutsatira chithandizo. Kwa amene amaopa kukhala pamaso pa anthu, Richard Heimberg ndi anzake anakonza ndondomeko ya masabata 12, ya kagulu ka anthu pafupifupi asanu ndi mmodzi ndi otsogolera awiri, imene yagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri.

Lachinayi ndi yankho limene timalandira nthawi zonse, lakuti palibe akatswiri. N'zoona, palibe. Lipoti la WHO la 2020 linasonyeza kuti maboma amapereka pafupifupi 2 pa 100 ya ndalama zaumoyo ku thanzi la maganizo, ndipo m'maiko osauka ogwira ntchito imeneyi safika awiri pa anthu 100,000 aliwonse. Koma kuchepa kwa akatswiri ndi chifukwa chotsegulira magulu ambiri. Mphungu woona anthu asanu ndi atatu mmodzimmodzi, ola limodzi aliyense, watha tsiku lonse. Anthu omwewo pagulu amawaona m'maola awiri. Nanga ngati ogwira ntchito ndi ochepa, bwanji mukuyamba kuchotsa njira imene imafikira anthu ambiri ndi wogwira ntchito mmodzi?

Ndipo wotsogolera sachita kukhala dokotala wa maganizo. WHO inakonza ndondomeko yotchedwa Group PM+, ya misonkhano isanu yokha, kamodzi pa sabata, yophunzitsa zinthu zinayi: kukhazika thupi pansi ndi kapumidwe, kuthana ndi mavuto mwadongosolo, kuyambiranso zochita zimene munthu anazisiya, ndi kulimbitsa ubale ndi anthu amene angamuthandize. Inayesedwa ku Swat m'dziko la Pakistan, dera limene linavutika ndi nkhondo, pa amayi 612, otsogolera ake ali amayi a m'deralo amene sanali akatswiri a maganizo koma anaphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2019, zinasonyeza kuti patapita miyezi itatu nkhawa ndi kuvutika maganizo zinali zitatsika kwambiri mwa amene anali m'magulu kuyerekeza ndi anzawo. Kumpoto kwa Uganda, amayi 694 othawa kwawo ku South Sudan anatenga nawo mbali pa kafukufuku wa ndondomeko ina ya WHO, Self-Help Plus, imene imatha kuphunzitsa anthu mpaka 30 nthawi imodzi pogwiritsa ntchito mawu ojambulidwa kale ndi buku la zithunzi, ndipo kupsinjika kwawo kunachepa. Mabuku a ndondomeko zimenezi WHO imapereka ulere. Ngati zinatheka kumene kunali nkhondo ndi m'misasa ya othawa kwawo, chikulepheretsa n'chiyani pa chipatala chokhala ndi denga, mipando ndi anamwino?

Sindikufuna kukunamizani kuti gulu ndi la aliyense. Munthu amene akuganiza zodzipha, kapena amene wasokonezeka mutu, akufunika thandizo la payekha mwamsanga. Ena nkhawa yawo ikuchokera ku matenda a chithokomiro, kuchepa kwa magazi, vuto la kagundidwe ka mtima kapena kusiya mowa mwadzidzidzi, ndipo amenewa ayenera kuyezedwa kaye. Ku England, bungwe lopereka malangizo a zachipatala la NICE linalangiza mu 2013 kuti kwa oopa kukhala pamaso pa anthu, uphungu wa payekha ndiwo uyambe kuperekedwa. Kumene mphungu wa payekha alipo, apatseni anthu mwayi wosankha. Koma kwa ambiri a ife kusankha kumene kulipo ndi pakati pa gulu ndi kubwerera kunyumba chimanjamanja. Komanso gulu losayendetsedwa bwino limavulaza: mmodzi akamalankhula yekha ola lonse, anthu akamangosimbirana zoopsa popanda chophunzira, kapena chinsinsi chikatuluka. Kuulula kamodzi kokha n'kokwanira kuti munthu asadzabwerenso, ndipo amachenjeza ena kuti asayerekeze.

Dandaulo lomaliza ndi mmene chiganizochi chinachitikira. Tinamva tsiku lomwelo, titafika kale. Pajatu chithandizochi chimayenda ndi masitepe, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena anali atangoyamba kukumana ndi zimene amaopa, panthawi imene nkhawa imayamba yakwera isanatsike, ndipo anasiyidwa pomwepo. Palibe amene anatumizidwa kwina. Palibe amene anafunsidwa ngati ali bwanji. Wodwala TB simumulanda mankhwala pakati pa ndondomeko chifukwa chakuti chipinda chikufunika, ndipo ndikukupemphani kuti odwala maganizo muziwaganizira mofanana. Kwa munthu amene zinamutengera zaka kuti alimbe mtima n'kupempha thandizo, kupeza chitseko chotseka kumamuuza kuti amene ankati vuto lake ndi lachibwana ankanena zoona.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha zotsatirazi.

1. Gulu limene layimitsidwa litsegulidwenso, ndipo tsiku lake lilengezedwe. Amene anasiyidwa pakati afunidwe mmodzimmodzi, mwachinsinsi, kuti amalize ndondomeko yawo.

2. Gulu lililonse likhale ndi otsogolera osachepera awiri ophunzitsidwa, kuti mmodzi akasamutsidwa, akadwala kapena akapita kutchuthi, ntchito isafe. Maola otsogolera gulu alembedwe pa ndandanda ya ntchito yawo ngati ntchito ina iliyonse. Kufikira lero zakhala zikudalira mtima wabwino wa munthu mmodzi wogwira pa nthawi yake yopuma.

3. Patulani chipinda chokhala ndi chitseko chotsekeka, kumene odutsa sangamve, ndipo pakhomo pasalembedwe mawu ochititsa munthu manyazi kulowa.

4. Uphungu wa pagulu ukhale ndi mzere wakewake mu bajeti. Chimene chilibe mzere ndicho chimayamba kudulidwa.

5. Achipatala amene amaona odwala koyamba aphunzitsidwe kuzindikira nkhawa. Pali mafunso asanu ndi awiri okha otchedwa GAD-7, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 2006 ndipo amatenga mphindi zochepa. Munthu akayezedwa thupi osapezeka ndi kanthu, afunsidwe mafunsowa, auzidwe dzina la vuto lake, auzidwe kuti limachizika, ndipo alembedwere kumene angapite.

6. Otsogolera amene si akatswiri aziyang'aniridwa pafupipafupi ndi katswiri, ndipo pakhale njira yodziwika yotumizira msanga munthu amene zamukulira. Maphunziro a masiku ochepa opanda wowayendera pambuyo pake ndi kutaya ndalama, ndipo otsogolerawo amatopa n'kusiya.

7. Kalembedwe ka mankhwala ngati diazepam kaunikidwe. Amene akhala akumwa kwa nthawi yaitali asawalandidwe mwadzidzidzi, chifukwa n'zoopsa. Athandizidwe kuchepetsa pang'onopang'ono, ali m'manja mwa dokotala, uku akulandira uphungu.

8. Pakhale magulu a achinyamata paokha, popeza matendawa nthawi zambiri amayamba munthu ali wamng'ono, ndiponso nthawi zina zokumana zikhale kunja kwa maola a ntchito ndi sukulu. Kumene nkhani zake zikufuna kutero, amayi ndi abambo apatsidwe mwayi wokumana padera.

9. Muziwerenga ndi kulengeza chaka chilichonse kuti ndi angati analowa m'magulu, angati anamaliza, ndipo angati anapeza bwino, popanda kutchula maina. Zikaoneka kuti sizikuthandiza, tikonze pamodzi. Ndipo musanasinthe kapena kuyimitsa chithandizo chilichonse cha maganizo, amene akuchilandira auzidwe nthawi ikadalipo ndipo afunsidwe maganizo awo.

Pa zisanu ndi zinayi zimenezi, choyamba, chachitatu ndi gawo lomaliza la chachisanu ndi chinayi sizikufuna ndalama ina iliyonse, ndipo mungathe kuzilamula sabata ino. Ndikupempha yankho lolembedwa, lotchula tsiku ndiponso udindo wa amene adzayang'anire ntchitoyi. Ena mwa ife amene tinali m'gululi tavomera kukumana nanu maso ndi maso kuti tikufotokozereni zonse, ndipo tikupempha kuti pamsonkhanopo padzakhalenso namwino amene ankatitsogolera.

Ndine wanu mwaulemu,

Mmodzi wa odwala nkhawa amene anali m'gululi